Bokosi la magetsi lopanda main breaker: mmene mungazindikirire split bus poyendera nyumba yakale

Funso: Ndimakhala ku Indiana ndipo ndayamba kuphunzira ntchito yoyendera nyumba zimene anthu akufuna kugula. Posachedwapa tinalowa m'nyumba ina ya m'ma 1970. Nditatsegula chitseko cha bokosi la magetsi sindinapeze main breaker. Kumtunda kunali ma breaker akuluakulu angapo, kumunsi ang'onoang'ono okhaokha. Abwana amene akundiphunzitsa anangoti ndi split bus, n'kupitiriza zina. Ndingalizindikire bwanji ndikakhala ndekha? Nanga m'lipoti ndilembe kuti n'loopsa?

Yankho: Achimwene, maso anu sanakunamizeni. Bokosi limenelo lilibedi breaker imodzi yozimitsa nyumba yonse, ndipo sikuti wina anachita kuichotsa. Linatuluka choncho kufakitale, ndipo pa nthawi imene linkaikidwa malamulo ankalola.

Tiyambe ndi za m'kati mwake, chifukwa mukamvetsa mmene magetsi akuyendera simudzavutikanso kuloweza zizindikiro. Nyumba za ku America zimalandira mawaya awiri amoyo ndi neutral mmodzi. Waya wamoyo aliyense ali ndi ma volt 120, ndipo pakati pa awiriwo pali 240. M'bokosi lamakono mawaya awiriwa akachoka pa mita amayamba alowa mu main breaker ya ma amp 100, 150 kapena 200, kenako magetsi amafika pa zitsulo ziwiri zazitali zotchedwa bus bar, pamene pamamatirira ma breaker ena onse. Mukagwetsa main ija, zitsulo zonse zimafa kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Mu split bus zitsulo zimenezi n'zodulidwa pakati, moti m'bokosi limodzi muli magawo awiri. Mawaya ochokera pa mita amamangidwa mwachindunji pa ma lug (tizitsulo tomangirapo mawaya) a gawo lakumtunda, osadutsa mu breaker iliyonse. Gawo limeneli lili ndi malo a ma breaker ophatikizana awiriawiri, a double pole, osaposa 6. Amenewa ndi a zinthu zokoka magetsi ambiri pa 240: kuka, giza, dryer, makina oziziritsa kapena otenthetsa m'nyumba. Koma imodzi mwa ma breaker amenewa sipita ku chipangizo chilichonse. Ntchito yake ndi kudyetsa gawo lakumunsi, kumene kuli ma breaker ang'onoang'ono a ma amp 15 ndi 20 a mababu ndi masoketi. Amaitchula lighting main, ndipo kawirikawiri imakhala ya ma amp 50 kapena 60.

Gwero la zonsezi ndi buku la malamulo a zamagetsi la National Electrical Code, ndime 230.71, imene inkalola kuti magetsi a nyumba azizimitsidwa ndi ma switchi kapena ma breaker osaposa 6 okhala pamodzi. Mwachidule, dzanja lisakankhe koposa ka 6 kuti nyumba yonse ithime. Breaker yaikulu inali yodula m'zaka zimenezo, choncho opanga mabokosi ndi omanga nyumba anaona kuti lamulo lawapatsa mpata wopulumutsa ndalama. N'chifukwa chake mabokosiwa adzaza m'nyumba za m'ma 1960 ndi 1970. Code ya 1981 ndi imene inatseka khomo: chilolezo chimene chinkathandiza kuti bokosi lotere likhale lopanda chitetezo chimodzi chachikulu inachisiyira mabokosi oikidwa kale okha. Koma musadabwe mukalipeza m'nyumba yomangidwa zaka zingapo pambuyo pa 1981, chifukwa dera lililonse limayamba kutsata Code yatsopano pa nthawi yake.

Tsono musanafike n'komwe pa bokosilo, yambani panja. Pitani pa mita mukaone ngati pambali pake kapena pansi pake pali kabokosi kokhala ndi breaker yaikulu. Izi n'zofunika chifukwa si bokosi lililonse lopanda main limene lili split bus. Pali mabokosi otchedwa main lug only, amene zitsulo zake n'zathunthu, zosadulidwa, ndipo chozimitsira chake chili kwina, panja kapena m'galaja. Ophunzira ambiri akangomva dzina la split bus amayamba kuliona paliponse. Kuzungulira nyumba kaye kumathetsa chisokonezo chimenechi.

Mukafika pa bokosi, tsegulani chitseko chokha, chivundikiro chili chomangabe. Onani mmene ma breaker akhalira. Akuluakulu ophatikizana aunjikana kumtunda, ang'onoang'ono kumunsi, ndipo pamwamba penipeni palibe breaker yokhala payokha yolembedwa 100 kapena 200. Pa mabokosi ambiri pamakhala kampata pa chivundikiro pakati pa magulu awiriwa, kapena mzere, kapena mawu osindikizidwa akuti Main Section, Service Disconnects kapena Lighting Section. Kenako werengani pepala limene opanga anamata kuseri kwa chitseko. Anthu ambiri amalidumpha chifukwa lachita chikasu ndipo zilembo zake n'zazing'ono, koma ndi mboni yodalirika kwambiri m'bokosi lonselo. Unikani ndi tochi, lijambuleni pafoni n'kulikulitsa. Pa mapu a mawaya mudzaona mizere ya zitsulo ikuthera pakati, ndi mizere ina iwiri yochoka pa breaker imodzi yakumtunda kutsikira ku gawo lachiwiri. Pepala lomwelo limanena ma amp amene bokosilo lingapirire, kukula kwa lighting main kololedwa, ndi mitundu ya ma breaker oyenera kulowamo.

Apa pali msampha umene ndikufuna muusamale kwambiri. Pa breaker ya ma amp 60 ija nthawi zambiri pamakhala patalembedwa kuti Main, mwina ndi opanga, mwina ndi bolopeni ya mwini nyumba wakale. Woyendera nyumba wothamanga amaona mawuwo n'kulemba m'lipoti kuti nyumbayi imalandira ma amp 60, pamene mwina imalandira 100, 125 kapena 150. Kulakwitsa kumeneku kumasokoneza malonda, koma palinso koopsa kuposa apo. Taganizirani mwini nyumba watsopano amene giza yake yasiya kutenthetsa madzi. Watsikira ku basement, wagwetsa breaker yolembedwa Main, mababu onse athima, firiji yakhala chete, wailesi yazima. Mumtima mwake nyumba yafa. Wayatsa tochi, watenga sikuludiraiva, wayamba kumasula kachitseko ka giza. Koma breaker ya ma amp 30 ya gizayo ili pa gawo lakumtunda, ndipo lighting main ilibe nayo ntchito. Pa mawaya amene zala zake zikulowera pali ma volt 240 athunthu. Mdima wa m'nyumba ndi umene wamupusitsa. Kwa ine, ichi ndi chifukwa choyamba chimene woyendera nyumba ayenera kulidziwira bokosili.

Umboni wosatsutsika uli kuseri kwa chivundikiro. Pa nkhani yochotsa chivundikirocho mabungwe amasiyana: malamulo a ASHI, bungwe la oyendera nyumba, amafuna kuti muone za m'kati mwa bokosi, pamene a bungwe lina la InterNACHI sakukakamizani kuchotsa chivundikiro. Tsatirani zimene laisensi ya dera lanu ikunena ndi zimene abwana anu akuphunzitsani, ndipo musachite nokha asanakuonetseni ndi manja awo. Musanakhudze, onani ngati pali madzi pansi, dzimbiri, mwaye kapena fungo la pulasitiki yopsa, ndipo mverani ngati mukulira kanthu m'kati. Zikakhalapo, lisiyeni, lembani chifukwa chake. Onaninso masikuluwu. Oyenera amakhala osasongoka, koma m'nyumba zakale mumapeza wina anamangira osongoka a matabwa, amene angaboole waya pamene mukumasula. Valani magalasi oteteza maso, ndipo kumbukirani kuti m'bokosi ili ngakhale mutagwetsa ma breaker onse, zitsulo zonse zakumtunda zimakhala zamoyo mpaka a kampani ya magetsi atachotsa mita. Ntchito yanu m'menemo ndi ya maso ndi tochi. Manja akhale panja.

Chivundikiro chikachoka, tsatani mawaya aakulu awiri ochokera pa mita muone pamene akuthera. Akathera pa ma lug omangidwa pa zitsulo, osati pa breaker, mwapeza theka la yankho. Theka linalo lili pa ma breaker akumtunda. Yang'anani mawaya a breaker iliyonse. Ambiri adzakhala akukwera kapena kutsika n'kutuluka m'bokosi kupita ku kuka kapena dryer. Koma pa imodzi mudzaona mawaya awiri onenepa, aafupi, amene sakutuluka m'bokosi. Amapinda ngati chigongono, n'kubwerera pakati pa bokosi, n'kukamangidwa pa zitsulo zakumunsi. Pa mitundu ina amalowa kuseri kwa ma breaker moti mumangoona pamene akuzimiririka. Mukaona zimenezi, ndi split bus basi, palibenso zokayika.

Pali bokosi limodzi lofanana nalo kwambiri limene muyenera kulisiyanitsa. Nthawi zina main breaker siikhala payokha pamwamba, koma imakhala mumzere limodzi ndi anzake, yomangidwa ndi kachitsulo kapena sikuluwu kuti isazuke. Kusiyana kwake n'koti apo mawaya ochokera pa mita amalowa pa breaker yeniyeniyo, ndipo iyo ndi imene imadyetsa zitsulo zonse. Imeneyo ndi main yeniyeni. Funso lake ndi limodzi lomwelo nthawi zonse: waya wa mita wathera pati? Ndinenenso kwa abale amene anaphunzira za magetsi kumudzi kapena ku Britain kuti bokosi limene kumeneko amati split load ndi chinthu china. Limenelo lili ndi main switch yake yozimitsa zonse, ndipo kugawikana kwake n'kwa ma RCD, zipangizo zodula magetsi akayamba kuthawira kumene sayenera. Mayina akufanana, koma musatengere nzeru za limenelo pa ili.

Tsopano funso lanu lachiwiri, ngati n'loopsa. Split bus imene inaikidwa bwino ndipo palibe anaisokoneza si yophwanya lamulo, chifukwa Code siibwerera m'mbuyo kukagamula zimene zinali zololedwa pa nthawi yake. Ambiri mwa mabokosiwa agwira ntchito zaka 50 popanda vuto. Koma ali ndi chofooka chobadwa nacho: palibe chimene chikulondera mawaya aakulu olowa m'nyumba. Zili ngati mabanja 6 akutapa chimanga m'nkhokwe imodzi, banja lililonse ndi dengu lake loyezedwa bwino, koma palibe amene akuwerengera chimene chikutuluka chonse pamodzi. Breaker iliyonse imateteza waya wake wokha. Kuka ikhoza kukhala pa 50, giza pa 30, dryer pa 30, makina oziziritsa pa 30, lighting main pa 60. Zonse pamodzi ndi 200, pa mawaya amene mwina ndi a ma amp 100. Kuphatikiza manambala chonchi pakokha sikusonyeza cholakwika, chifukwa zinthu zonsezi siziyaka nthawi imodzi pa mphamvu yake yonse, ndipo ngakhale m'bokosi lamakono manambalawa amaposa main. Kusiyana kwake n'koti m'lamakono zikapyola muyeso main imagwa, pamene muno mawaya amangotentha mwakachetechete. Fyuzi ya pa thiransifoma ya kampani sinaikidwe kuti iteteze mawaya a nyumba yanu.

Chimene chinkateteza nyumba yoteroyo ndi masamu amene wa zamagetsi anachita tsiku loyamba, kuwerengera katundu wa nyumbayo monga mmene gawo la Code la Article 220 linkanenera. Masamu a mu 1972 anali a nyumba ya mu 1972. Kuchokera nthawi imeneyo mwadutsa eni ake angapo. Wina anachotsa chitofu cha gasi n'kuika cha magetsi, wina anasandutsa basement kukhala zipinda zogona, wina anabweretsa heat pump (makina otenthetsa ndi kuziziritsa m'nyumba), ndipo amene akugula lero akuganiza zochajira galimoto yamagetsi m'galaja. Chaja ya ma amp 48 imafuna breaker ya 60 ndipo imakoka mosalekeza kwa maola ambiri usiku, anthu ali mtulo. Choncho mukazindikira split bus, ntchito yanu yeniyeni ndi kufufuza zimene zawonjezedwa kuchokera pamene bokosilo linaikidwa.

Yambani ndi kukula kwa magetsi olowa. Popeza palibe main yoti muwerengepo nambala, muyerekeze pepala la opanga, kukula kwa mawaya olowa, ndi bokosi la mita, n'kutenga chochepetsetsa mwa zimenezi. Pa nyumba zokhalamo anthu, waya wa kopa wa 4 AWG (muyeso wa kunenepa kwa waya) kapena wa aluminiyamu wa 2 AWG ndi wa ma amp 100. Wa kopa wa 1 AWG kapena wa aluminiyamu wa 2/0 ndi wa 150. Wa kopa wa 2/0 kapena wa aluminiyamu wa 4/0 ndi wa 200. Ngati zilembo za pa waya sizikuoneka ndipo simukutsimikiza, lembani kuti simunathe kutsimikiza, osaponya nambala yongoganizira.

Kenako werengani zogwirira za gawo lakumtunda. Apa m'pamene mabokosi ambiri amagwera. Gawo lakumunsi likadzaza, munthu amaona malo opanda kanthu kumtunda n'kulowetsamo ma breaker ang'onoang'ono a single pole, mwinanso a tandem aja okhala ndi zogwirira ziwiri m'malo amodzi. Chilichonse mwa zimenezi chasanduka chozimitsira chachikulu cha nyumba, ndipo mukawerenga mupeza 8 kapena 9 m'malo mwa 6. Pamenepo lamulo lenileni limene bokosili linkaimirapo laphwanyidwa, ndipo chimenecho n'cholakwika choti mulembe mosazungulira. Onaninso lighting main. Nyumba ikachuluka masoketi, breaker ya 60 ija imayamba kugwa pafupipafupi, ndipo wina wotopa nayo amaisintha n'kuika ya 100, mawaya aafupi aja ali omwewo. Yerekezani nambala yake ndi ya pa pepala la opanga. Zina ndi zimene mumaona pa bokosi lililonse lakale: mawaya awiri pa sikuluwu ya waya mmodzi, ma breaker a kampani ina okakamizidwamo, chikopa cha waya chosintha mtundu kapena chosungunuka pafupi ndi ma lug, ndi mawaya ang'onoang'ono a aluminiyamu m'nyumba za pakati pa 1965 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970.

Mukapeza kuti panja pa nyumba anawonjezerapo breaker yaikulu m'zaka za pambuyo pake, nkhawa ya mawaya olowa yachepa kwambiri, ndipo muyenera kunena zimenezo. Koma bokosi la m'nyumbalo tsopano lasanduka subpanel, bokosi lachiwiri lodyetsedwa ndi breaker yapanjayo, kutanthauza kuti neutral ndi ground siziyeneranso kulumikizana m'menemo. Ambiri amene amawonjezera breaker yapanja amaiwala mbali imeneyi.

Dzina la kampani ndi nkhani ina payokha, ndipo musaisakanize ndi ya split bus. Makampani ambiri anapanga mabokosi amtunduwu, kuphatikizapo Square D, General Electric ndi Cutler-Hammer. Koma mukaona dzina la Federal Pacific Electric kapena mawu akuti Stab-Lok, ndi zogwirira zofiirira kunsonga, kapena Zinsco ndi zogwirira zake zamitundumitundu, amene ena analembedwa Sylvania, nkhani yakula. Ma breaker a Stab-Lok ali ndi mbiri yokana kugwa pamene ayenera kugwa. Bungwe la Consumer Product Safety Commission linawafufuza ndipo linatseka kafukufukuyo mu 1983 osagamula chotsimikizika, koma akatswiri ambiri a zamagetsi ndi makampani ena a inshuwalansi sawafuna mpaka lero. A Zinsco amadziwika ndi kupsa pamene breaker yagwirana ndi chitsulo, nthawi zina mpaka kumatirirana nacho. Breaker yosadalirika ya gawo lakumtunda m'bokosi lopanda main ndiye kuti ikakana kugwa palibenso ina kumbuyo kwake. Pa mabokosi awiriwa maganizo anga sagwedezeka: ndimalangiza kuti asinthidwe, ngakhale akuoneka oyera bwanji.

Za m'lipoti, pewani mawu awiri osavuta amene onse ndi osathandiza. Musalembe kuti n'loletsedwa, chifukwa si zoona, ndipo wa zamagetsi wa wogulitsa akabwera adzakutsutsani, lipoti lanu lonse n'kutaya mphamvu. Musalembenso kuti zonse zili bwino chifukwa choti mababu akuyaka. Nenani zimene mwaona. Bokosili ndi la mtundu wa split bus, umene unkaloledwa pamene nyumbayi inkamangidwa koma suikidwanso m'nyumba zatsopano. Lilibe breaker imodzi yozimitsa nyumba yonse, ndipo kuti magetsi athime onse pafunika kugwetsa ma breaker onse a gawo lakumtunda, amene alipo mwakuti. Breaker yolembedwa Main imazimitsa gawo lakumunsi lokha. Kenako tchulani zolakwika zenizeni chimodzichimodzi, chilichonse ndi chithunzi chake. Malizani ndi kulangiza kuti wa zamagetsi wa laisensi aone bokosilo ndi kuwerengeranso katundu wa nyumba nthawi imene wogula anapatsidwa yoyendera nyumba isanathe, komanso kuti wogulayo afunse kampani yake ya inshuwalansi asanasaine.

Wogula akakufunsani pamaso kuti inuyo mukanatani, muuzeni chilungamo. Ngakhale bokosi latsopano kwambiri mwa amenewa lapitirira zaka 40, malo owonjezera ma breaker ndi ochepa, ndipo pa mitundu ina n'kovuta kupeza ma breaker amakono a AFCI ndi GFCI, oteteza ku moto ndi kugwidwa ndi magetsi, olowamo. Ngati ndi la kampani yodalirika, louma, losapsa, zogwirira zakumtunda sizikuposa 6, ndipo banjalo silikufuna kuwonjezera chilichonse chachikulu, si chifukwa chothawira nyumba, koma aike ndalama yolisinthira pa mapulani ake. Ngati akuganiza za sola, chaja ya galimoto, heat pump kapena kukonzanso khitchini, ayambe ndi bokosi. Adziwenso kuti kusinthako si ntchito ya Loweruka masana ndi mlamu wodziwako pang'ono za mawaya. Pamafunika chilolezo cha ofesi ya zomangamanga, a kampani ya magetsi amayenera kudula magetsi pa mita, ndipo m'madera amene akutsata Code ya 2020 kapena yatsopano kuposa apo angauzidwe kuika chozimitsira cha panja chimene ndime 230.85 ya Code ya 2020 imafuna, kuti ozimitsa moto azitha kudula magetsi asanalowe m'nyumba.

Musanachoke panyumbapo, ngati wogula alipo, mutengereni pa bokosi. Musagwetse chilichonse, chifukwa breaker yakale ikhoza kukana kubwerera, komanso nyumbayo idakali ya eni ake. Ingomulozerani ma breaker akumtunda mmodzimmodzi, muwawerenge naye mokweza, mumuonetse imene imadyetsa gawo lakumunsi, ndipo mumuuze kuti akadzalowa m'nyumbamo wa zamagetsi amate zilembo zooneka bwino pa iliyonse, kuti aliyense wa m'banjamo adziwe kuti zogwetsa ndi zonsezo.